Funsani Amisiri: Nyenyezi Zikamazungulira M'chithunzi

Nyengo yozizira ino thambo la Gauteng limayera, ndipo makalata a anzathu ojambula nyenyezi achuluka. Ambiri akufunsa za rotator, kachipangizo ka mota kamene kamazunguza kamera kumbuyo kwa telesikopu, ndi ma mode amene pulogalamu ya pa kompyuta imaiyendetsera. Ayankha ndi amisiri a makina a telesikopu amene amathandiza tsamba lino.

FUNSO: Ndili ndi telesikopu ya pa mount ya alt-az yoyendera kompyuta. Imatsata bwino, nyenyezi ya pakati sisuntha ngakhale padutse ola. Koma ndikajambula kwa masekondi 60, nyenyezi za m'makona zimatuluka ngati timizere tokhota. Kodi galasi lapindika, kapena mota yatha? — S. Phiri, Rosettenville

YANKHO: Palibe chapindika, a Phiri, ndipo musathamangire kukagula mota. Mount ya alt-az, chonyamulira telesikopu yanu, imayenda m'njira ziwiri zokha, kukwera kapena kutsika, ndi kuzungulira motsata chizimezime, pamene thambo limakumana ndi dziko. Choncho kunsi kwa kamera yanu kumayang'ana pansi usiku wonse. Thambo lokha limazungulira pa nsonga yake ya kum'mwera, imene kuno ku Johannesburg ili madigiri 26 pamwamba pa chizimezime. Mukhoza kuziona ndi maso. Pakati pa Meyi, cha m'ma 9 koloko usiku, Southern Cross imakhala choimirira. Ikamakwana 3 koloko m'mawa yagona cham'mbali. Mount yanu ingathe kugwira nyenyezi imodzi ya mtandawo pakati pa chithunzi maola onsewo, koma zinzake zizikhala zikuizungulira. Timizere tanuto ndi kuzungulira kumeneku.

Liwiro lake limawerengeka. Madigiri amene chithunzi chimazungulira pa ola ndi 15.04 × cos L × cos A ÷ cos K. L ndi latitude ya pamene muli, A ndi azimuth ya chimene mukujambula (ngodya yake motsata chizimezime kuchokera kumpoto), K ndi kukwera kwake kuchokera pa chizimezime. Kuno L ndi 26.2, ndiye manambala awiri oyambawo amapereka 13.5. Mukaloza kum'mawa kwenikweni kapena kumadzulo kwenikweni, cos A ndi ziro, ndipo kuzungulira kumaima kwa kanthawi. Kumpoto ndi kum'mwera kumathamanga, ndipo chinthucho chikamakwera kumathamangirathamangira. Nebula ya Eta Carinae ikafika pamwamba pa ulendo wake imakhala pa madigiri 56 ndipo imazungulira madigiri 24 pa ola. Omega Centauri imafika pa 69, ndipo ndi 37 pa ola. Nebula ya Orion, ya chakumpoto, ndi 38.

Tsopano tipite ku kamera. Sensa ya mapikiseli 6000 × 4000 ili ndi mapikiseli pafupifupi 3,600 kuchokera pakati kufika pakona. Pa madigiri 24 pa ola, nyenyezi ya pakona imasuntha mapikiseli 0.42 pa sekondi, ndiye pa masekondi anu 60 yakoka mzere wa mapikiseli 25. Kuti mzerewo usapitirire mapikiseli awiri muyenera kutseka pa masekondi 5. Ndipo kutalika kwa telesikopu sikulowamo m'chiwerengerochi. Chofunika ndi kuchuluka kwa mapikiseli kuchokera pakati. N'chifukwa chake timatelesikopu tating'ono toyendera foni, ta sensa ya 1920 × 1080, timapulumuka ndi masekondi 10: pakona pake nyenyezi imasuntha pikiseli imodzi ndi kachidutswa.

Njira yosawononga ndalama ndi kujambula zithunzi zazifupi zambirimbiri, pulogalamu yosanja n'kuzitembenuza chimodzichimodzi isanaziphatikize. M'makona mudzadulamo, chifukwa si zithunzi zonse zimene zafikamo. Ngati mount yanu ndi ya mphanda, wedge, chotsamira choikidwa pansi pake, imaipendeketsa madigiri oyenera n'kukhala equatorial, mount yozungulira motsata nsonga ya thambo, vuto n'kutheratu. Rotator ndi yokwera mtengo pa zonsezi, ndipo musanagule funsani ngati ili ndi mode yotsata thambo mosalekeza. Ambiri ogulitsidwa kwa ojambula a pakhomo anapangidwira kungoika kamera pa ngodya imodzi n'kuima.

FUNSO: Ndikuphunzira physics, ndipo m'malangizo a telesikopu yaikulu amene tapatsidwa muli ma mode anayi a rotator: position angle, stationary, vertical angle ndi pupil tracking. Yolondola ndi iti, nanga enawo ndi a chiyani? — Chikondi, Braamfontein

YANKHO: Palibe yolondola kuposa inzake, a Chikondi. Pa telesikopu pali zinthu zinayi zimene zimatembenukirana usiku wonse: thambo, mzere woongoka wochokera pansi kupita paliwombo (pamwamba penipeni pa mutu wanu), magalasi a telesikopu pamodzi ndi zitsulo zogwira galasi lachiwiri, ndi chida chimene mwamangirira, kaya kamera kaya spectrograph, chogawa kuwala m'mitundu yake. Rotator ndi imodzi, ndiye ingathe kumatiza chidacho ku chimodzi chokha. Mukasankha mode mwasankha chomatizako, ndipo mwavomera kuti zinazo zizizungulira.

Position angle, imene pa kompyuta imangolembedwa PA, imamatiza chida ku thambo. Imawerengedwa kuyambira kumpoto kwa thambo kudzera kum'mawa: 0 ndi kumpoto, 90 kum'mawa, 180 kum'mwera, 270 kumadzulo. Mukalemba PA 30, mota siima pa 30. Kompyuta imawerenga parallactic angle, ngodya ya pakati pa njira yopita ku nsonga ya kumpoto ndi njira yopita paliwombo kuchokera pa nyenyeziyo, n'kuichotsa pa PA yanu, n'kuwonjezera kusiyana kumene amisiri anapima pomangirira chidacho. Chotuluka ndiye ngodya ya mota, ndipo imawerengedwanso kangapo pa sekondi. Pa sikirini mudzaona PA ili chiimire, ngodya ya mota ikuyenda. Iyi ndiyo mode ya kujambula kwa nthawi yaitali, ndi ya spectrograph yokhala ndi mbale ya timipata tambiri todulidwa molingana ndi malo a nyenyezi iliyonse.

Mukadzayamba kulemba mapulogalamu anuanu, samalani apa. Zitsanzo zambiri zinalembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko, ndipo zimati parallactic angle ndi 0 nyenyezi ikafika pa meridian, mzere wa pathambo wochokera kumpoto kudzera paliwombo kufika kum'mwera. Kuno zili choncho kwa zinthu zodutsa kum'mwera kwa paliwombo, monga Southern Cross. Zodutsa kumpoto, monga Orion, ndi 180. Wowerenga ngodyayi m'pulogalamu ndi atan m'malo mwa atan2 amataya kusiyana kumeneku, chithunzi n'kutuluka chozondoka theka la thambo.

Stationary ndi kuimitsa mota pa ngodya yake, thambo n'kumazungulira lokha. Ndi ya ma flat (zithunzi za kuwala kofanana zochotsera mdima wa m'makona ndi mithunzi ya fumbi), ya nyali zopimira spectrograph, ya poyesa ngati chida chikupindika ndi kulemera kwake, ndi ya pomangirira kapena pochotsa zida masana.

Vertical angle imagwira chida molingana ndi mzere wa paliwombo, ndipo phindu lake talifotokoza pa funso la spectrograph m'munsimu. Ngati chida chili kumbuyo kwenikweni kwa galasi lalikulu, pa Cassegrain ya telesikopu ya alt-az, mode imeneyi ndi stationary ndi chinthu chimodzi, chifukwa chubu chonse sichipendekera kumbali. Pa Nasmyth zimasiyana. Pamenepo galasi lachitatu limatumiza kuwala cham'mbali, kudzera m'kati mwa mtanda umene telesikopu imakwererapo, kupita ku chida chokhala pa nsanja. Nsanjayo imazungulira ndi azimuth koma sikwera. Ndiye chubu chikamakwera, chithunzi chimatembenuka ndi digiri iliyonse yakukwerako, kuwonjezera pa parallactic angle. Pa khomo la mbali imodzi K, kukwera kuja, amawonjezedwa, pa la mbali inayo amachotsedwa. Lesedi, telesikopu ya mita imodzi ya SAAO, bungwe la zakuthambo la South Africa, ku Sutherland, ili ndi makomo awiri a Nasmyth otere, ndipo pulogalamu iyenera kudziwa khomo limene galasi lachitatu laloza isanawerenge chilichonse.

Pupil tracking ndi yosangalatsa kwambiri, chifukwa imalola dala kuti thambo lizungulire. Nyenyezi yowala imatuluka ndi timizere ta mtanda tobwera chifukwa cha zitsulo zogwira galasi lachiwiri, ndi timadontho ta kuwala kosokera tobwera chifukwa cha tizolakwika ta magalasi. Zonsezi n'za telesikopu, si za thambo. Mukamatiza kamera ku magalasi, timadonthoto timakhala malo amodzi pa chithunzi chilichonse, koma pulaneti yozungulira nyenyeziyo imasuntha pang'onopang'ono ndi thambo. Mumaphatikiza zithunzi zonse kuti mupeze chimene sichisuntha, mumachichotsa pa chilichonse, kenako mumazitembenuza kuti kumpoto kukhale kumodzi. Chotsala ndi pulaneti. Christian Marois ndi anzake anafalitsa njirayi mu 2006, ndipo mu 2008 inaonetsa mapulaneti atatu a nyenyezi ya HR 8799 pa telesikopu za Keck ndi Gemini North. Ojambula otere amafuna nthawi imene wina aliyense amaithawa, nyenyezi ikamadutsa meridian, chifukwa ndi pamene thambo limazungulira kwambiri.

Zida zina n'zolemera moti sizingazunguzidwe. Pamenepo amaika magalasi atatu osanjidwa ngati chilembo cha K kutsogolo kwa chida, n'kumazunguza magalasiwo. Akazungulira digiri imodzi, chithunzi chimazungulira madigiri awiri, ndiye mota imayenda theka la liwiro. Woiwala kugawa ndi 2 amapeza nyenyezi zikuzungulirabe pa liwiro lomwe lija, koma chobwerera. SALT nayo, telesikopu yaikulu ya ku Sutherland imene inatsegulidwa mu 2005, ili ndi galasi la zidutswa 91 lopendekera madigiri 37 kuchokera paliwombo, ndipo silisuntha pa nthawi yojambula. Chimene chimayenda ndi tracker pamwamba pake, ndipo zida zili pamenepo zimazunguzidwa kuti thambo liime.

FUNSO: Ndagula rotator, ndayatsa mode yotsata thambo, koma timizere ta m'makona tatalika kuposa kale. Ndibweze? — J. Banda, Tembisa

YANKHO: Pimani timizereto, a Banda. Ngati tatalika kawiri, rotator yanu ili bwinobwino, kungoti ikuzungulira chobwerera, ndipo liwiro lake likuwonjezera pa la thambo m'malo molichotsa. Galasi lililonse limene kuwala kwagundapo limatembenuza chithunzi kumanja kukhala kumanzere. Magalasi awiri amafafanizana, limodzi kapena atatu ayi. Newtonian ndi Schmidt-Cassegrain zili ndi awiri, koma mukaikapo diagonal, kagalasi kokhotetsa kuwala, akhala atatu, ndipo kamera yoikidwa kutsogolo kwa chubu imaona limodzi lokha. Pulogalamu singadziwe zimenezi payokha.

Kuyesa kwake ndi kwa mphindi khumi. Tumizani rotator pa ziro yake, ndipo matani kachidutswa ka tepi podutsa mbali yozungulira ndi yosazungulira, n'kukadula pakati, kuti tsiku lina magetsi akadzathima mudzadziwe pamene ziro ili. Zimitsani mode yotsata. Lozani chakum'mawa, pa madigiri 30 mpaka 40, kumene thambo silithamanga. Jambulani masekondi asanu, chitani plate solve (kompyuta kuzindikira nyenyezi za m'chithunzi n'kupeza malo ndi ngodya yake) ndi ASTAP kapena astrometry.net, lembani ngodya imene yatuluka. Uzani mota ipite madigiri 10 kutsogolo, jambulaninso. Ngati ngodya ya thambo yayenda mbali yosiyana ndi imene pulogalamu ikuonetsa, chongani Reverse. Mukatero chitani Sync. Mu ASCOM, njira yolumikizira zida ndi kompyuta, muli manambala awiri, MechanicalPosition ndi Position; Sync sisuntha mota, imangolemba kusiyana kwa awiriwo. Mukamasula kamera n'kuimanganso, kusiyanako kwasintha, ndipo Sync iyenera kubwerezedwa.

Ngati timizere sitinatalike kawiri koma tikusintha mosadziwika bwino usiku wonse, yang'anani malo ndi nthawi. Mapulogalamu ena a rotator ali ndi bokosi lawolawo la latitude, losiyana ndi la mount. Johannesburg ndi −26.2, chizindikiro chochotsera chili patsogolo, longitude ndi 28.0 kum'mawa, nthawi ndi UTC+2 chaka chonse. Onaninso ngati mount ndi rotator zikuyambira azimuth malo amodzi. Ambiri amayambira kumpoto, ena kum'mwera, ndipo zikasiyana cos A amasintha chizindikiro.

FUNSO: Mu Julayi ndinkajambula Lagoon Nebula ili pamwamba penipeni, poganiza kuti ndi pamene mpweya uli wochepa. Rotator inayamba kulira, chingwe cha kamera chinakulungika mpaka kusolokoka. Chinachitika n'chiyani? — Mayi Nambewe, Kempton Park

YANKHO: Za mpweya munalondola, Mayi Nambewe, koma paliwombo ndi pamene mount ya alt-az imavutikira. M'chiwerengero chija timagawa ndi cos K, ndipo K akamayandikira 90, cos K amayandikira ziro. Declination (latitude ya pathambo) ya Lagoon ndi −24.4, latitude yathu −26.2, ndiye imadutsa madigiri osakwana awiri kuchokera paliwombo. Pamenepo chithunzi chimazungulira madigiri 7 pa mphindi, ndipo m'kati mwa ola limodzi, theka isanafike pa meridian ndi theka itadutsa, rotator iyenera kuyenda madigiri oposa 140. Antares ndiye imanyanya. Declination yake ndi pafupifupi −26.5, moti pakati pa Julayi cha m'ma 9 koloko usiku imadutsa pamutu penipeni pa mzinda uno, ndipo kuzungulira kumayandikira digiri imodzi pa sekondi. Mota ya azimuth nayo imafunika kutembenuza telesikopu yonse theka la bwalo m'mphindi zochepa. Telesikopu zazikulu za alt-az zili ndi kachigawo paliwombo kamene pulogalamu imakana kutsatiramo.

Chodabwitsa n'chakuti ola limodzi ndi theka isanafike pa meridian, Lagoon yomweyo imakhala kum'mawa kwenikweni pa madigiri 69, pamene kuzungulira ndi ziro. Yambani kujambula kale kuposa pamenepo, lekani kwatsala mphindi 30 kuti ifike pamwamba, mwani tiyi, yambiraninso itadutsa ndi mphindi 30. Ikani malire a kukwera pa madigiri 85 m'pulogalamu kuti musadalire kukumbukira. Dziwaninso kuti pa nthawi ya ziroyo mota imasintha kolowera, ndipo ngati magiya ali ndi mpata, chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pamenepo zimakoka mizere. Zitayeni.

Za chingwe zili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: ikamazungulira mbali imodzi, chingwe chimatha. Rotator iliyonse iyenera kukhala ndi malire m'pulogalamu, ndipo malirewo apimidwe ndi zingwe zanu zili pomwepo. Masana, yendetsani mota pang'onopang'ono kuchokera malire ena kufika ena, dzanja lili pa chingwe cha USB ndi cha magetsi, ndipo pamene chayamba kukoka bwererani madigiri 20 n'kulemba pamenepo. Mangirirani zingwe ku chubu, kusiya khota lolendewera, osati kuchokera pa kamera kutsikira pansi. Chingwe chokoka sichingosolokoka. Chisanafike pamenepo chimapendeketsa kamera, nyenyezi za mbali imodzi n'kufufuma. Musanayambe, onani kumene mota izilowera usiku umenewo ndipo yambirani kumapeto kwinako. Ngati PA imene mukufuna ikukuikani pafupi ndi malire, wonjezerani 180. Pa sensa ya makona anayi zolowa m'chithunzi ndi zomwezo, kungoti zazondoka.

FUNSO: Mount yanga ndi German equatorial. Rotator ndi yofunika kwa ine? Ndipo ikatembenuka pa meridian, chithunzi chimazondoka. Ndizizunguza kamera kuti chibwerere? — Achimwene a ku Turffontein

YANKHO: Kwa inu rotator ndi yosankhira kakhalidwe ka chithunzi basi, achimwene: kuti mlalang'amba wautali ngati NGC 253 ugone motsata kutalika kwa sensa, kapena kuti zidutswa za mosaic, chithunzi chachikulu cholumikiza zithunzi zingapo, zikumane. Mode yotsata thambo ikhale yozimitsa, chifukwa mount yanu ikuchita kale ntchitoyo. Ngati mumajambula chinthu chimodzi usiku wonse muli pafupi, dzanja likwanira, pulogalamu yojambulira ya N.I.N.A. ili ndi rotator ya pamanja imene imachita plate solve n'kukuuzani madigiri oti muzunguze. Kuphonya ndi digiri imodzi kumasuntha kona ya sensa ya 6000 × 4000 ndi mapikiseli 63, zimene pa chithunzi chimodzi si kanthu, koma pa mosaic zimadya malo olumikizira. Mukagula ya mota, werengani mamilimita. Ma flattener ambiri, malenzi owongola nyenyezi za m'makona, amafuna 55 kuchokera pa iwo kufika pa sensa, ndipo rotator ikakhala pakati pamenepo, kukhuthala kwake kuchotsedwe pa mphete zotalikitsira.

Pa meridian musazunguze. PA yasintha ndi 180 koma ngodya ya mota sinasinthe, ndipo pulogalamu yosanja imazondotsa yokha. Chifukwa chake ndi ma flat. Fumbi la pa sensa ndi pa mafyuluta limazungulira limodzi ndi kamera, koma mdima wa m'makona wobwera ndi galasi lachiwiri kapena focuser, ndi fumbi la pa lenzi ili kutsogolo kwa rotator, zimatsala. Mukazunguza, ziwirizi zimasiyana malo, ndipo flat yakale imasiya timphete towala mbali imodzi, takuda mbali ina. Flat imatsata ngodya ya mota, osati PA. Ikani ngodya ya mota m'dzina la fayilo iliyonse, ndipo pa ngodya iliyonse imene mwagwiritsa ntchito tengani ma flat ake. Chokhacho chimene chingakukakamizeni kuzunguza ndi off-axis guider, kagalasi kopatulira kuwala ku kamera yotsatira nyenyezi, pamalo posowa nyenyezi: mount ikatembenuka, kagalasi kake kamayang'ana mbali ina ya thambo, ndipo mwina kulibe yotsatira.

PHD2, pulogalamu yotsatira nyenyezi, iuzeni za rotator ngati kamera yotsatira imazungulira nayo, monga pa off-axis guider, kuti izikonza calibration yake yokha. Ngati mumatsatira ndi katelesikopu kapadera ka pamwamba, musailumikize. Idzakonza kutembenuka kumene sikunachitike, ndipo mount idzakankhidwira kolakwika.

Mukaona timizere tokhota pa equatorial, tozungulira nyenyezi imene mukutsatira, mtanda wa mount sunaloze bwino nsonga ya kum'mwera. Sigma Octantis, nyenyezi ya pafupi ndi nsongayo, ndi yosawala kwambiri, ya magnitude 5.4, ndipo pansi pa magetsi a Johannesburg simungaione ndi maso. Kampasi nayo kuno imaphonya ndi madigiri pafupifupi 20. Gwiritsani ntchito njira ya plate solve ya mu N.I.N.A., Ekos kapena SharpCap.

FUNSO: Ndili ndi spectrograph ya slit ya ma micron 25 pa telesikopu ya mamilimita 2000. Nyenyezi yomweyo, ikakhala m'munsi, mbali ya buluu imachepa kwambiri, ngakhale nditakonza za mpweya. — L. Mwale, Randburg

YANKHO: Kuwala kwa buluuko sikunalowe mu slit, kampata kolowera kuwala kaja, a Mwale. Mpweya umapinda kuwala, ndipo buluu umamupinda kuposa kufiira, moti nyenyezi ili m'munsi imatambasuka kukhala kamzere koimirira, buluu kumwamba, kufiira kunsi. Pa msinkhu wa Johannesburg, mamita pafupifupi 1,750, kutalikirana kwa 400 nm ndi 700 nm ndi arcsecond 1.2 (digiri imodzi ili ndi ma arcsecond 3,600) nyenyezi ili pa madigiri 45, ndi ma arcsecond 2 ili pa 30. Slit yanu pa thambo ndi ma arcsecond 2.6. Kamera yotsatira imagwira pakati pa slit mtundu umene imauona bwino, kawirikawiri wa chakufiira. Ngati slit yagona chopingasa kamzere kaja, buluu ali m'mphepete, ndipo mpweya ukagwedeza nyenyezi amagwera kunja. Alexei Filippenko anachenjeza za zimenezi mu 1982, ndipo mpaka lero anthu amagwamo.

Slit iimirire motsata kamzereko, ndiyo vertical angle ija. Pa equatorial zikutanthauza kuti PA ya slit ifanane ndi parallactic angle, yowerengedwa pa nthawi ya pakati pa kujambula, osati poyambira. Mukajambula mphindi 20 kuyambira 10:00, tengani ya 10:10. Ngati mulibe rotator, ikani slit kumpoto ndi kum'mwera n'kumajambula nyenyezi zili pafupi ndi meridian, ndipo nyenyezi yopimira muijambule pa msinkhu wofanana. Pamwamba pa madigiri 60 kutalikiranako sikufika arcsecond imodzi, ndipo ndi slit yanu simungadandaule kwambiri. Ngati mukufuna zinthu ziwiri mu slit imodzi, PA yasankhidwa kale ndi thambo. Chotsala ndi kusankha ola limene parallactic angle ikuyandikira PA imeneyo, kapena kusiyana nayo ndi 180.

FUNSO: Nanga mbale za wailesi ngati za MeerKAT, nazo zili ndi rotator? — Wowerenga wa ku Yeoville

YANKHO: Mbale 64 za MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya ku South Africa, ndi za alt-az, ndipo thambo limazungulira pa zolandirira zake monga pa kamera ya a Phiri. Sizizunguzidwa, kutembenukako kumachotsedwa pa kompyuta pokonza zotsatira, makamaka popima polarisation, mbali imene mafunde a wailesi amagwedezekera. ASKAP ya ku Australia inasankha njira ina, mbale zake 36 zili ndi mtanda wachitatu wozunguza mbale yonse. Mbale ya mamita 26 ya ku Hartebeesthoek, kufupi kuno, ndi equatorial, ndiye vutoli ilibe.

FUNSO: Disembala ndikupita kumudzi ndi telesikopu. Ndisinthe chiyani? — T. Gondwe, Hillbrow

YANKHO: Nthawi musasinthe, a Gondwe, Malawi nayo ndi UTC+2. Sinthani latitude ndi longitude mu mount, m'pulogalamu yojambulira ndi mu ya rotator, zonse zitatu. Lilongwe ndi pafupifupi −14.0, Blantyre −15.8. Pa alt-az, 13.5 ija ikhala 14.6 ku Lilongwe, ndipo zodutsa paliwombo zikhala za declination ya pafupi ndi −14. Sirius, ya −16.7, ndiyo yoti muisamalire m'malo mwa Antares. Pa equatorial yesani muli konkuno kutsitsa mtanda kufika pa madigiri 14. Ma mount ena safika, ndipo ena akafika, chitsulo cholemetsera chimagunda mwendo wa tripod wa kum'mwera. Zikatero mufunika chotalikitsira pakati pa tripod ndi mount, kapena kusamutsa kachikhomo ka azimuth kuti chitsulocho chizidutsa pakati pa miyendo iwiri. Mukakafika, mangani kamera, bwezerani tepi ija pa ziro, chitani plate solve ndi Sync, ndipo ma flat mutenge atsopano, chifukwa pa ulendo wa pa basi fumbi silikhala malo amodzi.